Mpando wa makatoni ndi choimikira cha bwana: momwe zayendera kuyambira Malichi

Mwana wanga ndi wamwamuna, pano ndizingomutchula kuti bwana chifukwa m'nyumba muno amene amalamula nthawi yogona ndi yodzuka ndi iyeyo. Anabadwa mimba ili ndi masabata 31, nde kuti anafulumira ndi masabata 9, ndipo atakwanitsa chaka ndi miyezi iwiri adokotala anatiuza kuti ali ndi cerebral palsy (mwachidule CP), vuto la muubongo lomwe limasokoneza kayendedwe ka thupi, mtundu uja umaumitsa kwambiri miyendo kuposa manja, amati spastic diplegia. Izi ndi zomwe ndakhala ndikulemba m'kope za mpando ndi choimikira zomwe tinamupangira, ndazikopera mmene zilili pamodzi ndi zolakwika zonse, mwina wina asabwereze zomwe ndinachita ine.

9 Malichi

Bwana ali ndi miyezi 17 koma a mafizo amawerenga 15, akuti mwana wobadwa masiku asanakwane amamuchotsera masabata omwe anafulumira nawo mpaka atakwana zaka ziwiri. Mutu amadzutsa bwinobwino akagona chafufumimba, amagubuduka koma mbali imodzi yokha, amakwawa ndi mimba akukoka miyendo m'mbuyo. Kukhala yekha ndiye ayi. Ndikamukhazika n'kumusiya amatha masekondi atatu kapena anayi basi kenako wagwa chagada, ndipo nthawi yonseyo manja onse awiri amakhala ali pansi kudzichirikiza, chidole sangagwire olo chimodzi.

Ndinali nditamata pachitseko katchati ka bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ka 2006 kaja kamati ana amakhala okha pakati pa miyezi 3.8 ndi 9.2 ndipo amayenda okha pakati pa 8.2 ndi 17.6, m'mawa uliwonse ndimayamba ndakayang'ana kenako tsiku lonse mtima uli m'mwamba. Lero a mafizo andiuza ndikakachotse, tchatiyo anapanga poyeza ana athanzi obadwa pa nthawi yake, ati ine changa chikhale wotchi ya pa foni, ndizilemba masekondi Lamlungu lililonse. Anenanso kuti bwana akufunika mpando wa pakona, wa msana wa mbali ziwiri uja. Wogula sitingakwanitse, komanso pakangotha miyezi ingapo umakhala wachepa, nde atisonyeza zithunzi za mipando ya makatoni. Njira yake amati APT, luso lopanga zipangizo ndi makatoni ndi mapepala, anayiyambitsa Bevill Packer ku Zimbabwe m'ma 1970. Bambo ake anaseka kuti katoni singanyamule munthu.

16 Malichi

Tasonkhanitsa makatoni 6 olimba aja a mizere iwiri mkati, ongopempha, nyuzipepala zakale mulu umodzi, mapepala a bulauni okutira pamwamba, mpeni wakuthwa, rula ndi tepi yoyezera. Chogula ndi ufa wa tirigu basi, wopangira guluu. Kapangidwe kake: masupuni awiri odzaza a ufa mumasungunula m'timadzi tozizira, kenako n'kuthira madzi owira theka la lita mukutakasa.

Ine ndinaganiza kuti guluu wolimba ndi amene amagwira kwambiri nde ndinachulukitsa ufa n'kupaka mothithikana, kunja kutacha mathabwa onse atatu omwe tinapanga pomata makatoni anali atapindika ngati bwato. Komanso ndinasanja makatoni mizere yonse italoza kumodzi, bambo ake anangokanikiza ndi bondo thabwa n'kuthyoka motsata mzere, n'kundiyang'ana ngati akuti si ndinanena. Masiku awiri ndi makatoni atatu zapita pachabe. Tayambiranso, guluu wamadzimadzi wopaka mopyapyala, makatoni atatu pa thabwa lililonse, wapakatiyo mizere yake yopingasa, kenako tapsinja pansi pa njerwa ndi mabuku masiku awiri tisanawaimike pamphepo. Ulendo uno bambo ake anaimapo ndi miyendo iwiri yonse ndipo anangoti zii.

30 Malichi

Mpando woyamba watha. Zolumikizira zake ndi timalilime tolowa m'mabowo, kenako mumamanga ndi timizere ta pepala tonyowetsa guluu m'makona monse, osachepera magawo anayi. Zatitengera madzulo 9 tikamaliza kumugoneka.

Koma walephera. Ndinaupanga wa pansi penipeni, mwana azikhala miyendo atawongola ngati mmene ndinaonera pa chithunzi china, osadziwa kuti minyewa ya kuseri kwa ntchafu za bwana ndi yolimba, ikakokeka imakokera chiuno m'mbuyo. Nde amati akakhala mphindi imodzi wayamba kutsetsereka, msana wapindika, miyendo yapingasana ngati sizasi, zala za kuphazi zaloza pansi. Ndinawatumizira a mafizo kavidiyo, yankho lake linali lalifupi, mukweze mpandowo kuti mawondo azipinda.

13 Epulo

Tamanga bokosi pansi pake. Muyezo wake ndi wochokera pachidendene kufika kuseri kwa bondo, kwa bwana ndi masentimita 17, cholinga chake chiuno, mawondo ndi akakolo zonse zipinde ngati ngodya ya buku, mapazi aponde pansi. Tawonjezeranso kachipika pakati pa ntchafu koletsa miyendo kupingasana, tinapanga ndi nyuzipepala zokulunga molimba n'kukuta ndi siponji.

Apa ndinalakwitsanso ndipo ichi ndi changa ndekha. Kuchokera kumatako kufika kuseri kwa bondo ndinayeza 19, umayenera kuchotsapo malo a zala ziwiri kuti m'mphepete mwa mpando musamamudye kuseri kwa mawondo, koma ine ndinadula 23, eti kuti akulire momwemo ngati malaya. Zotsatira zake kuti mawondo apinde amayenera kusunthira kutsogolo, msana n'kusiyana ndi chotsamira, kubwereranso ku vuto lomwe lija lotsetsereka. Ndinalira ndithu usiku umenewo, osati chifukwa cha mpando wokha.

Masekondi okhala yekha pansi: 9.

27 Epulo

Sitinagumule. Bambo ake anapanga mathabwa awiri a pakona oikira kumsana, okhuthala masentimita atatu lililonse, ochotseka, nde mpando wafupika kufika 17 ndipo akamakula tizingochotsa limodzilimodzi. Chiuno tamanga ndi lamba wa nsalu wa velcro, wodutsa m'munsi pa mafupa a chiuno osati pamimba. Kathebulo kakutsogolo takadula pakati mozungulira kuti kazimukumbatira, kutalika kwake pang'ono pamwamba pa zigongono.

Lachinayi ndi tsiku lomwe sindidzaiwala. Ndinamukhazika, n'kumuikira kapu ya pulasitiki ndi supuni pathebulo. Poyamba manja anali atawakanikiza pathebulopo monga mwa chizolowezi chake, zala zonse zitatambasuka, akudikira kugwa. Anadikira, kugwa osabwera. Kenako anadzutsa dzanja lamanja pang'onopang'ono n'kuliyang'ana kaye ngati la munthu wina, anatola supuni, n'kuipatsira ku dzanja lamanzere, n'kuibwezanso, kenako anayamba kumenya kapu ija go go go mpaka inagwa pansi ndipo anaseka mpaka kutsamwa. Ana ena zopatsirana chinthu m'manja amachita ali ndi miyezi 6 kapena 7, iye mwina akanatha kalekale kungoti manja ake analibe mpata. Mphindi 14 anasewera. Supuni imeneyo ndinamutolera kokwana ka 20 osadandaula.

18 Meyi

Mavuto awiri. Loyamba, tinapupuluma kupaka vanishi mpando usanaume mkati, sabata ziwiri zokha unayamba kununkha ndipo pansi pake panachita chuku, kuwonjezera apo thewera linadontha kawiri mkodzo n'kulowa pa kabowo ka lamba, pokhalira panafewa. Ndadula gawo lofewalo, ndauika padzuwa masiku anayi, ndamatapo chigamba cha makatoni atatu n'kukutanso. Kuti mudziwe kuti wauma mumagogoda ndi chala, ukamalira ngati thabwa ndiye kuti bho, ukamamveka ngati mukugogoda mtsamiro dikirani. Vanishi kachitini kamodzi kanakwana kupaka kawiri, ndipo siponji ya pokhalira ndaikuta ndi pulasitiki kenako nsalu yochotseka. M'mabowo a lamba ndapakamo vanishi ndi kaburashi ka mswachi.

Lachiwiri ndi ine. Mpando utayamba kugwira ntchito ndinapeza mtendere womwe ndinali ndisanauone chibadwire bwana, ndimatha kuchapa, kusesa, kusamba osathamanga, nde ndinayamba kumusiya momwemo maola awiri pena atatu. A mafizo atandifunsa ndinanena zoona ndipo sanandinyengerere, anati mayi, mpandowo ukugwira ntchito yomwe minofu ya pamimba ndi kumsana ikuyenera kuphunzira, azikhalamo mphindi 20 kapena 30 pakudya ndi posewera ndi manja, nthawi ina yonse pamphasa. Zinandiwawa chifukwa amene amanena zimenezi sakhala nafe m'nyumba, koma masekondi anga omwe anawavomereza, sabata zitatu zonsezo anaima pa 12 osasuntha.

8 Juni

Tabwerera pamphasa. Katatu patsiku, mphindi 10 kapena 15: kumukhazika pa ntchafu yanga n'kumupendeketsa pang'ono kumanja ndi kumanzere kuti adziwongole yekha, kumuikira chidole m'mbali kuti azipotoloka, kugubuduka mbali yomwe amaikana ija, ndi kuwongola minyewa ya kuseri kwa ntchafu ndi ya akatumba akangotuluka m'bafa thupi likadali lofunda. Osakoka mwamphamvu, minofu youma ukaidzidzimutsa imalimbanso kwambiri, umapita nayo pang'onopang'ono n'kuigwira pomwe yayamba kukana. Masekondi afika 31.

Kenako chifuwa chinamugwira masiku 12, mafizo onse anaima, atachira anabwerera pa 10. Ndalemba kuti ena asadzadzidzimuke, zinabwerera mkati mwa sabata ziwiri.

6 Julayi

Ma AFO afika, timapulasitiki tija timagwira phazi ndi mwendo kuti asamaponde ndi zala. Pa zonse zomwe tachita ichi ndi chomwe chadya ndalama, zomwe tinasunga miyezi iwiri zinathera pomwepo kuphatikiza maulendo atatu, woyeza ndi pulasitala, wokatenga, ndi wobweza. Wobwezawo unabwera chifukwa la kumanzere limamudya pa kafupa ka kakolo. Lamulo lomwe anatipatsa ndi loti mukavula muyang'ane khungu, chizindikiro chikapanda kuzimirira pakatha mphindi 20 mpaka 30 ndiye kuti penapake pakupana. Chake chinakhala mpaka madzulo. Amene anatipangira poyamba anati azolowera, ine ndinakana kuchoka mpaka anatenthetsa pulasitikiyo n'kuifutukula pamalopo, ntchito ya mphindi 10 yokha. Masokosi akhale aatali opitirira AFO, opanda msoko wokhuthala ndipo osakwinyika. Nsapato tinagula zokulirapo n'kuchotsa kansalu ka mkati.

20 Julayi

Ndinamupeza atakhala yekha pamphasa popanda womukhazika, ndinakuwa mpaka bambo ake anathamanga akuganiza kuti wagwa. Koma kakhalidwe kake ndi kaja matako ali pansi pakati pa mapazi, mawondo kutsogolo, miyendo itapanga chilembo cha W. A mafizo anati ndi nzeru ndithu, wadzipezera njira yokhazikika, kungoti akakhala choncho thunthu silipotoloka komanso ntchafu zimazolowera kulowa mkati. Sanati tizilimbana naye tsiku lonse, anati tizimupatsa njira zina, kukhala chammbali kapena pa kabenchi kakafupi mapazi ali pansi. Sabata yoyamba ine ndinasanduka wapolisi, akangokhala ndamuwongola, mpaka anayamba kundithawa n'kumakakhalira kuseri kwa mpando. Pano ndimamusiya akakhala kuti watanganidwa ndi chidole, ndimamusintha tikamasewera limodzi. M'kope masekondi a W sindiwerengera.

17 Ogasiti

Choimikira. Chifukwa chake ndi chiuno ndi mafupa, mwana amene saima mafupa ake salandira kulemera, komanso ana a CP chiuno chimatha kumaguluka pang'onopang'ono osamva ululu poyamba, n'chifukwa chake amajambula X-ray ngakhale mwana asakudandaula. Yake anajambula mwezi uno ndipo ati zili m'malo.

Ichi chinafuna makatoni 11, mathabwa ake a magawo asanu osati atatu, ufa makapu atatu, siponji ya pa mawondo ndi pachifuwa, malamba awiri a nsalu, wina wa pachiuno wina wa kumsana, ndi vanishi kachitini kena. Madzulo 16. Muyezo tinayeza atavala ma AFO ndi nsapato, ndipo a mafizo anabwereza okha miyezo yonse tisanadule, phunziro la mu Epulo lija. Pa mawondo tinaboola timakona tiwiri kuti bondo lililonse likhale pake, mapazi motalikirana pang'ono kuposa chiuno.

Cholakwika chinali tsinde. Tinalipanga lofanana ndi thupi la choimikiracho kuti chisamadye malo, tsiku loyesa bwana anaona mphaka n'kudziponyera m'mbuyo mwachisangalalo, chinthu chonse chinanyamuka kutsogolo, mwayi bambo ake anali atagwira. Thupi lonse linandizizira. Tamata tsinde latsopano lotuluka masentimita 20 mbali zonse ndi 30 kumbuyo, ndipo mkati taikamo kathumba ka mchenga. Ngakhale pano sitimusiya yekha mmenemo olo kupita kukhomo.

7 Seputembala

Anatiuza tiyambe ndi mphindi 5 n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Tsiku lachitatu ine kulibe, bambo ake anaona kuti mwana akusangalala nde anamusiya mphindi 40, madzulo miyendo imanjenjemera ndipo usiku sanagone, kuyambira pamenepo akangoona choimikira amauma thupi lonse n'kulira. Sabata yathunthu tinachibisa kuchipinda. Tinakangana, sindinama, ngakhale ine ndinachita zomwezomwezo ndi mpando.

Chomwe chinatipulumutsa ndi beseni la madzi. Bwana amakonda madzi kuposa chilichonse nde tinaika lamulo loti beseni ndi timakapu zimapezeka pathebulo la choimikira basi. Tsiku loyamba mphindi zitatu, tinamutsitsa asanayambe kudandaula, akufunabe. Pano ali pa 25 kawiri patsiku. Thebulolo talikuta ndi pulasitiki yokhuthala chifukwa vanishi yekha sakanalimba ndi chigumula chimenechi.

Pomwepo pabeseni ndi pomwe patulukira mawu achitatu. Anali ndi mama ndi dada basi, pano madzi akatha amamenya beseni n'kunena kuti ena.

6 Okutobala

Lero ndi tsiku lokumbukira cerebral palsy padziko lonse, ndipo bwana wakwanitsa zaka ziwiri sabata yomwe ino. Tsiku limeneli ndakhala ndikuliopa kuyambira pomwe ndinawerenga kuti mwana wa CP amene wakhala yekha pofika zaka ziwiri nthawi zambiri amadzayenda. Zimenezi ndi zoona, madokotala amagwiritsadi ntchito, koma ine ndinazisandutsa mayeso a tsiku limodzi, m'mawa wa tsiku lake lobadwa ndinamukhazika pamphasa foni ili m'manja. Mphindi imodzi ndi masekondi 40, dzanja limodzi lili pansi. Ndinayesa kanayi mpaka mwana analira, alendo akudikira panja.

A mafizo nditawauza anandikumbutsa masabata 9 aja, kuti zaka ziwiri zake zenizeni ndi mu Disembala, komanso kuti mawuwo amanena za gulu la ana, satchula tsiku. Ndinawafunsanso za GMFCS, muyezo wa magawo asanu uja unatuluka mu 1997, gawo loyamba ndi mwana woyenda popanda chovuta, lachisanu ndi wofunika kumuthandiza pa chilichonse. Ati bwana akuoneka kuti ali pakati pa lachiwiri ndi lachitatu, ndipo mwana asanakwane zaka ziwiri gawo limatha kusintha nde adzanena bwino chaka chamawa. Lachiwiri ndi kuyenda yekha koma movutikira pa masitepe ndi mtunda wautali, lachitatu ndi kuyenda ndi chogwirira. Ndinapita kunyumba ndikuwerengetsa zonse ziwiri.

2 Novembala

Thabwa limodzi la kumsana tachotsa, ntchafu zatalika. Bokosi la pansi tawonjezera katoni ziwiri. Velcro ya lamba yatha mphamvu chifukwa cha ulusi ndi nyenyeswa, ndasokerapo ina. Makoswe analuma ngodya ya choimikira pomwe vanishi sanafike, amatsata ufa, ndamata chigamba ndipo usiku timachiika pamwamba pa thebulo. Ma AFO ayamba kuthina ku zala, tauzidwa kuti mu Januwale tiyezetsenso, nde kusunga kwayambiranso.

Kukhala yekha manja onse ali m'mwamba: mphindi 4.

14 Disembala

Lamlungu lapitali ndinayatsa wotchi monga mwa nthawi zonse, bwana ali pamphasa miyendo kutsogolo mawondo atapinda pang'ono, akulowetsa zotsekera mabotolo m'chitini. Chimodzi chinagubuduzika kumanzere, anapotoloka, anachitola, anapendekeka ndithu moti ndinatambasula kale dzanja, koma anadziwongola yekha n'kupitiriza. Poto anayamba kusefukira kukhitchini nde ndinathamangira komweko, pobwera ndinamupeza akadali chikhalire ndipo foni inali pa mphindi 11. Ndinaizimitsa chifukwa amafuna kuiponya m'chitini.

Mpando pano ndi wodyera basi, ndipo lamba sitimanganso. A mafizo ati mu Januwale tiyesa chowongolera cha matayala chija mwana amachikoka kumbuyo kwake, icho ndi chachitsulo, cha makatoni sichingatheke. Pakadali pano akufuna kabenchi kotalika masentimita 19 koti aziphunzirira kudzuka n'kuima atagwira thebulo, chidendene chili pansi. Mathabwa ake atatu ali pansi pa njerwa kuyambira dzulo, mawa ndiwagogoda ndione ngati auma.